Mayina Amene Ndinakapereka kwa Mlembi wa Seshoni

Sukulu anandilanda ndi bambo anga. Mayeso a JC ndinakhoza bwinobwino kwathu ku Dedza, malo a Folomu 3 ndinali nawo, koma ndalama ya fizi imene amayi anapeza atagulitsa kachewere bambo anakaimwera kachasu masiku anayi. Atabwerako anandiuza kuti khasu silifunsa satifiketi. Za ubwana wanga ndikuuzani zokhazo. Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene sindilowera m'tchalitchi, moti ngakhale pa ukwati wa mlongo wanu ndinakhala panja pa mtengo. Inu mumati ndi mwano. Tsopano ndapuma ntchito, nthawi ndili nayo, ndiye werengani. Chisoni musandimvere, sindikuchifuna.

1995, Hewe

Ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ndinaipeza ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, nditatopa ndi maganyu. Nthawi imeneyo ankalemba ngakhale a JC. Atatiphunzitsa masabata angapo ananditumiza ku Rumphi, ku chigwa cha Hewe, kumene sindinkadziwa munthu ngakhale mmodzi, Chitumbukanso osachimva. Lole ya fodya inatitsitsa pa sitolo, ine ndi mayi anu ali ndi pakati pa iwe Chisomo, katundu wathu chikwama ndi mphasa. Kachipatala kake kanali ka zipinda zinayi. Mkulu wake anali a Msiska, amene aliyense ankawatchula kuti adokotala ngakhale sanali dokotala weniweni, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Tsiku loyamba anandipatsa njinga yopanda mabuleki, sikelo ya ana yokoleka pa mtengo ndi kaundula. "A Mbewe," anatero, "kuno anthu ngophunzira. Mlimi amene mukamupeze m'chigafa akhoza kukukonzerani Chingerezi chanu. Muziyamba mwapereka moni, za zimbudzi muzifunsa pambuyo." Sindinawamvere. Ndinkafika pakhomo n'kufunsa chimbudzi ndisanakhale pansi, mpaka chigwa chonse chinanditcha a Chimbudzi-chili-kuti.

Zaka khumi ndi zinayi zinapita choncho. Kuyeza ana, kubaya katemera, kuthira klorini m'zitsime klorini akapezeka, kupempha palafini wa firiji ya katemera kwa ogulitsa m'sitolo boma likaiwala kuti tilipo. Chitumbuka ndinachiphunzira mokakamizika. Chimene sindinachizolowere ndi ichi: anyamata ankabwera ndi satifiketi ya Folomu 4, ine n'kuwaphunzitsa kagwiridwe ka jekeseni, pakatha zaka zitatu n'kukhala ondiyang'anira. Mmodzi anandiuza kuti ndizimulembera lipoti m'Chichewa chifukwa Chingerezi changa chimamupweteketsa mutu. Ndinamulembera. Ndinkapita kunyumba n'kukalipira inu popanda chifukwa. Mukukumbukira.

2009

Masacheti anafika ku Hewe ngati dzombe. Timapaketi ta mowa waukali, totsika mtengo kuposa mpukutu wa buledi, toti mwana wa sukulu n'kubisa m'sokosi. Chamba chinalipo kale, chotsika m'mapiri. Chaka chimenecho, fodya atagulitsidwa, tinaika m'manda amuna awiri amene anadzipha okha, wina ndi chingwe, wina ndi mankhwala opopera fodya. Onse awiri ankamwa, ndipo onse awiri abale awo anati anali atasiya kale kulankhula ndi anthu. A Msiska anaitanitsa msonkhano m'kashedi ka sikelo. Anabwera abusa, aphunzitsi, atsogoleri a makalabu a fodya, amayi a mvano, komanso mayi wina wotcheza kachasu dzina lake NyaKumwenda, amene sanaitanidwe. Mkulu wa mpingo wina anati mayiyo atuluke. NyaKumwenda anamanga chitenje n'kukhala pa benchi la kutsogolo.

"Adada, mukandithamangitsa ine, omwawo muwadziwa bwanji?" anatero. "Abusa amawaona Lamlungu atasamba. Ine ndimawaona Lolemba akulira."

Anthu anaseka, ndipo anamusiya. Nzeru imene tinagwiritsa ntchito zaka ziwiri zotsatira inachokera kwa iyeyo, osati kwa ophunzira aja. Anati munthu wa kuno akhoza kuvomera chifuwa, akhoza kuvomera chindoko, koma mutu savomera, chifukwa banja likadziwika kuti muli wodwala maganizo ana ake aakazi salowoledwa. Choncho tinagwirizana zinthu zitatu. Aliyense woona m'bale wake akumwa yekhayekha, osagona, kapena akulankhula za imfa, azinong'oneza dzina kwa munthu mmodzi yekha. Munthuyo azipita pakhomopo ngati akukaona chimbudzi, chifukwa palibe angadabwe. Ndipo namwino wa matenda a maganizo wochokera ku boma azibwera pa tsiku la odwala bipi, kuti pa mzere pasadziwike kuti uyu wabwerera chiyani. Otcheza mowa analonjeza kusagulitsa kwa ana a yunifolomu. Pa udindo wa munthu mmodzi uja anasankha ine. A Msiska anandipatsa kabuku kakang'ono kolowa m'thumba la malaya n'kunena pamaso pa onse kuti, "Kabuku aka ngakhale ine sindikatsegula."

Ndikuuzeni zoona, ntchitoyo sindinaikonde. Oledzera ndinkadana nawo. Ndikakhala pa khonde la munthu akununkha masacheti m'mawa, ndinkaona bambo anga. Koma njirayo inkagwira. Anthu ankabwera, ankalandira mapiritsi, ena ankangokhala ndi namwinoyo theka la ola n'kutuluka maso ali ofiira. Chaka chotsatira sitinaike munthu wodzipha. Alendo ochokera ku boma ankabwera kudzafunsa kuti timachita bwanji, ndipo a Msiska ankandiloza ine.

2010

Dzina la a Mhango anandipatsa ndi akazi awo, NyaGondwe. A Mhango anali mphunzitsi wa Bayoloje pa sekondale yoyendera, komanso wotsogolera kwaya pa tchalitchi chachikulu cha kumeneko. Mwana wawo woyamba anamwalira pa ngozi ya minibasi akuchokera ku koleji. Kuyambira pamenepo ankamwa masacheti pakati pa mapiriyodi, kuseri kwa labu. NyaGondwe anabwera ku sikelo ndi mdzukulu, anadikira mpaka amayi onse atapita, kenako anagwada pafupi ndi njinga yanga ngati akumanga thewera la mwana.

"Adada a Mbewe, ndapeza chingwe pa denga la khitchini," anatero osandiyang'ana. "Mbuzi tilibe."

Ndinalemba dzinalo. Anandigwira mkono wa malaya. "Akadziwa kuti ndine ndanena, ukwati watha. Akadziwa a sukulu, ntchito yatha. Ndakupatsani moyo wa munthu, adada." Ndinamuyankha kuti ndikudziwa ntchito yanga.

Nditapita kukaona chimbudzi chawo, a Mhango anandizindikira msanga. Anaseka. "Chimbudzi chathu munachiona mwezi watha, a Mbewe. Chasintha chiyani?" Ine ndinangoyang'ana mabuku amene anali pa tebulo. Anaona mmene ndinkawayang'anira. Anandifunsa kuti sukulu ndinalekezera pati, ndipo sindikudziwa chifukwa chake ndinawauza zonse, za kachewere ndi kachasu zomwe. Nditamaliza anati, "Tiyeni tichite chonchi. Inu mukufuna Folomu 4, ine mukufuna ndikaonane ndi sisita wanuyo. Ine ndizikuphunzitsani Lachitatu ndi Lachisanu masana, ku chipatala konko. Anthu aziti ndabwera kudzaphunzitsa. Tsiku la bipi ndizilowera khomo lomwelo." Munthu wodwala ndiye anandikonzera njira yomuthandizira.

Anali mphunzitsi weniweni. Ankajambula mtima pa katoni ya mankhwala n'kundiuza kuti ndiloze kumene magazi akulowera. Ndikalakwitsa ankati, "Yayi, adada, wodwala wanu wafa," n'kuyambiranso. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, imvi zitayamba, ndipo kanali koyamba munthu wophunzira kundilankhula ngati ndili ndi mutu. Buku la Bayoloje linali ndi machaputala makumi awiri ndi awiri. Anandipezeranso anzawo a Chingerezi ndi Masamu. Ndinalembetsa mayeso a chaka chotsatira ngati wophunzira wapadera. Mapiritsi ankamwa, chingwe NyaGondwe anachiwotcha, kunenepa anayamba. Mowa sanasiyiretu. Ankatha milungu itatu osalawa, kenako n'kugwa masiku awiri. Namwino anandiuza kuti zimatero, ndisataye mtima. Ine mtima wodikira ndinalibe.

2011

Chaka chimenecho mafuta a galimoto ankasowa dziko lonse. Namwino ankabwera galimoto ikapeza dizilo, osati pa tsiku lake. Mwezi wa Meyi unali wokumbukira imfa ya mwana wa a Mhango, ndipo anagwa kwambiri. Anajomba maphunziro athu katatu motsatizana, mayeso atatsala masabata ochepa, ife tili pa chaputala 13. Lachisanu lachitatulo ndinawadikira maola awiri, kenako ndinawatsatira. Ndinawapeza kuseri kwa sitolo, atakhala pa kreti, mapaketi opanda kanthu ali mbwee pa mapazi awo, choko chili m'thumba la malaya. Ndinawauza kuti akundiwonongera mayeso.

Anandiyang'ana ndi diso limodzi. "Iwe Mbewe, satifiketi ndi pepala chabe. Ine ndili nazo zitatu. Mwana wanga anali pafupi kutenga yachinayi. Ukuona zatithandiza?" Anyamata amene ankasewera bawo pamenepo anaseka. Sanali kuseka ine, pano ndikudziwa, koma tsiku limenelo ndinamva ngati ndabwerera ku Dedza. Munthu woledzera akundiuzanso kachiwiri kuti sukulu ilibe ntchito. Ndinatembenuka n'kuchoka.

Loweruka m'mawa uthenga unafika kuti galimoto yapeza mafuta, namwino abwera Lachiwiri. M'kabuku munali mayina khumi ndi anayi, omwazikana chigwa chonse. Tcheni cha njinga yanga chinali chitaduka. A Msiska anati, "Muyende wapansi, a Mbewe. Lero, mawa ndi Lolemba, mukwanitsa. Khomo ndi khomo, monga mwa nthawi zonse." Ndinati chabwino. Ndinayenda makomo awiri, dzuwa likuswa mtengo, kenako ndinakhala pa mlatho, n'kung'amba pepala pakati pa kaundula, n'kukopera mayina onse khumi ndi anayi. Ambiri mwa iwo ankapemphera pa tchalitchi chachikulu chija. Ndinapita kwa mlembi wa seshoni, a Nyirenda, mphunzitsi wopuma, amene ankawerenga zolengeza Lamlungu.

Apa mumvetse bwino, chifukwa mlandu wanga wagona pamenepa. Pa tchalitchi chimenecho zolengeza zinali za mitundu iwiri. Za misonkhano, za katemera, za chitukuko, ankaziwerenga ulaliki usanayambe, ndipo sankatchula dzina la munthu. Mayina ankawerengedwa kumapeto, nyimbo yotsekera isanayimbidwe, ndipo anali a anthu oitanidwa ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo: otenga mimba kunja kwa ukwati, okwatira mitala, ogwidwa ndi mowa. Dzina lako likamveka pa nthawi imeneyo, mudzi wonse unkadziwa kuti wadulidwa pa Mgonero. Ine sindinali wa mpingo umenewo, koma ndinali nditakhala ku Hewe zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinkadziwa.

A Nyirenda anavala magalasi, anawerenga pepalalo mpaka pansi, anabwereranso pamwamba. "Adada, awa akudwala chiyani?" Ndinati akufunika kwa namwino wa matenda a maganizo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bwanji ndingonena kuti a bipi abwere Lachiwiri? Eni ake amva." Imeneyo inali nzeru yabwino, ndipo ikanatha nkhani yonse. Ndinakana. Ndinati ena samva za m'mbali. Anaika chala pa dzina lachisanu ndi chimodzi. "Ndi a Mhango omwe? Mayina kuno timawerenga kumapeto, mukudziwa?"

"Werengani," ndinatero. "Achite manyazi, mwina asiya."

Mawu amenewo ndi anga. Palibe anandiuza kuti ndinene.

Lamlungu ndinapita, n'kukhala benchi lomaliza. A Mhango anali kutsogolo ndi kwaya yawo, atameta ndevu, atavala jekete lakuda, nyimbo zikuyenda bwino. Ulaliki utatha a Nyirenda anaimirira. Anawerenga mayina awiri a seshoni, kenako anatulutsa pepala langa. Ananena m'Chitumbuka kuti otsatirawa akaonekere ku chipatala Lachiwiri kwa namwino wa odwala mutu, n'kuyamba kuwerenga. Dzina lililonse likatchulidwa mitu inkatembenuka kufunafuna mwini wake. Mayi wina anafunditsa nkhope ndi chitenje. Mnyamata wina anatulukira pa windo. Kenako linamveka dzina la a Mhango. Abusa, amene pepalalo sanalione, anatsegula pakamwa koma mochedwa. Kenako inakwana nthawi ya nyimbo yotsekera. A Mhango anaimirira poti inali ntchito yawo, anatembenukira kwaya, anakweza dzanja. Mtsikana wina wa sopulano, wophunzira wawo wa Folomu 2, anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa. Dzanja lija linakhala m'mwamba kanthawi. Analitsitsa, anaika buku la nyimbo pa mpando, anayenda pakati pa tchalitchi mpaka pa khomo. Anadutsa pafupi ndi ine moti jekete lawo linandikhudza phewa. Sanandiyang'ane. Amene anandiyang'ana ndi NyaGondwe, kuchokera ku mabenchi a amayi a mvano, ndipo sanasiye mpaka mapemphero anatha.

Lachiwiri namwino anabwera ndi mafuta ovutikira aja. Pa anthu khumi ndi anayi anafika awiri. Ngakhale odwala bipi enieni anakhala kunyumba, kuopa kuonedwa pa mzere. Ku sukulu ana ankati a Mhango akalowa m'kalasi, wina kumbuyo n'kuyamba kulira ngati galu. Makolo anapita kwa ahedi kukanena kuti ana awo asaphunzitsidwe ndi wamisala. A Mhango mapiritsi anawataya m'chimbudzi, chomwe chija ndinkanamizira kukaona. Patatha milungu itatu oyendetsa thirakitala anawapeza m'mawa pa msewu wopita ku Kazuni, opanda nsapato, mapazi akutuluka magazi, akuti akukalandira mwana wawo pa basi. Anawatengera ku chipatala chachikulu, anakhalako miyezi. Ntchito sanabwererenso. Nyumba inali ya sukulu, ndiye NyaGondwe anapakira katundu pa ngolo. Mwana wawo wamkazi, amene a kuchimuna anali atabwera kale kudzakamba za malowolo, anangomva kuti mnyamatayo wapita ku Joni.

Komiti yoyang'anira ntchito yathu ija inakumana m'kashedi ka sikelo kuti indifunse. Usiku wake sindinkadziwa kuti ndikanena chiyani, ndipo m'mawa a Msiska anandiitanira m'chipinda cha mankhwala, n'kutseka chitseko. "A Mbewe, nkhaniyi yafika ku boma. Mukakanena kuti munkadziwa, ntchito yatha, ndipo muli ndi ana asanu. Inu ndinu mlendo kuno. Mpingo si wanu. Mwambo wa mayina simunkaudziwa, njinga inali yothyoka, munafuna kuthandiza. Si choncho?" Sanandiyang'ane m'maso. Ankasanja mabotolo amene anali osanjika kale. Ndinaganiza za inu, za fizi ya Chisomo amene anali Folomu 2, msinkhu womwe ine ndinalekezera. Ndikhoza kunena kuti ndinanama chifukwa cha inu, koma limenelonso lingakhale bodza lina. Ndinkaopa. Ndinati, "Ndi choncho, adokotala."

Pa msonkhano ndinabwereza mawu omwewo. A Nyirenda analipo. Akanatha kundiyalutsa ndi chiganizo chimodzi, koma nawonso anali ndi mlandu wowerenga, ndiye anangoyang'ana chipewa chawo. Abusa anati kulakwa kwa mlendo n'kokhululukidwa. Anthu anagwedeza mitu movomereza. NyaKumwenda yekha ndiye anaimirira. "Mlendo wa zaka sikisitini?" anatero. "Zimbudzi zathu zonse akuzidziwa, koma tchalitchi sakuchidziwa? Yewo chomene, adada. Ine ndinakupatsani mayina atatu a makasitomala anga. Ndabwerera ku mbiya zanga, kumeneko munthu amalira popanda womulengeza." Anatuluka, ndipo komiti inathera pomwepo. Sipanapezekenso wonong'oneza dzina. Chaka chotsatira fodya atagulitsidwa tinaika mnyamata wina, dzina lachisanu ndi chinayi pa pepala lija. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo basi. Mayeso ndinalemba, Bayoloje ndinalephera, satifiketi sindinapeze. Kunyumba ndinakuuzani kuti mafunso anali ovuta.

2016, Chiweta

Ananditumiza ku Chiweta nditapempha ndekha kuchoka ku Hewe. Sindinkadziwa kuti a Mhango ali komweko, kwa mlongo wawo. Ndinawaona mwezi wachiwiri, masana, ndikuchokera koyeza ana. Anali m'mbali mwa msewu waukulu, pansi pa kashedi ka udzu, akugulitsa usipa wouma m'mabeseni kwa apaulendo a m'minibasi. Anali ataonda, tsitsi lonse loyera, koma malaya ochapa ndi ositidwa. Ndinafuna kutembenuza njinga. Koma anali atandiona kale.

"A Chimbudzi-chili-kuti!" anakuwa. "Monire, adada! Bwerani, chathu chili kuseri uko, chili ndi chivundikiro chomwe."

Ndinatsika. Anandipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa ndowa. Anandiuza kuti mankhwala akumwa mwezi ndi mwezi, mowa anasiya zaka zitatu zapitazo, ndipo masana ena amathandiza ana a asodzi masamu. NyaGondwe anatulukira ndi beseni pamutu. Atandiona analitula, anandipatsa moni wa mawu awiri, n'kukakhala patali chotipatsa msana. Ndinali nditakonza mawu amenewa zaka zisanu. Ndinati, "Aphunzitsi, za tsiku lija ku tchalitchi, pali chimene simukuchidziwa."

Anakweza dzanja, lomwe lija. "Yayi, a Mbewe, zisiyeni. A Msiska anandifotokozera zonse. Inu ndinu a ku Dedza, za seshoni mukanazidziwira kuti? Munkafuna ndisaphonye sisita. Ine ndi amene ndinakulakwirani. Ndinakulankhulani zachipongwe kuseri kwa sitolo, ndikukumbukira, ngakhale ndinali nditamwa. Munthu wofuna sukulu sauzidwa zotero." Minibasi inaima, anathamanga ndi beseni, anagulitsa mbale ziwiri, anabwerera akupuma mofulumira. Mpata unalipo. Ndinayang'ana msana wa NyaGondwe, ndipo ndinadziwa kuti iye bodza lija sanalikhulupirire ngakhale tsiku limodzi, koma mwamuna wake sanamuuze, chifukwa munthuyo anachira akukhulupirira kuti palibe anamuchitira dala. Mwina ndinakhala chete chifukwa cha chimenecho. Mwina ndinangoopanso. Ndayesa kusiyanitsa ziwirizi zaka zonsezi, ndalephera. Ndinangoti, "Zinapita, aphunzitsi."

"Mayeso aja munakhoza?"

Ndinati ayi.

Anagwira mutu. "Mlandu wanga umenewo. Tinalekezera pa chaputala 13, impso. Buku ndikadali nalo. Muzibwera Lachitatu ndi Lachisanu, pompano, minibasi zikachepa. Simunakalambe." Anandithirira usipa m'pepala, anakana ndalama. Ndinalonjeza kuti ndibwera Lachitatu.

Sindinapite. Zaka zitatu ndinkazungulira njira ya kumtunda, yokwera phiri, kuti ndisadutse pa kashedi kaja. Ankatumiza uthenga kudzera mwa amayi obwera ku sikelo: akuti buku likudikira. Anamwalira mu 2019 ndi chibayo. Ku maliro ndinapita, ndinaima panja. Mwambo utatha NyaGondwe ananditumizira mdzukulu wake uja, atakula, ndi phukusi la pulasitiki. Munali buku la Bayoloje. Iye mwini sanabwere kudzandilankhula, ndipo sindimuimba mlandu.

2024

Ndapuma ntchito chaka chino. Pa mwambo wotsanzikana ananena kuti ndinali mmodzi mwa oyambitsa ntchito yothandiza odwala maganizo m'midzi, anthu anawomba m'manja, ndinalandira wailesi. Chisomo, iwe ndiwe namwino tsopano, anthu amakunong'oneza zinthu. Ukatopa, njinga ikathyoka, wodwala akakutukwana, uyende wapansi khomo ndi khomo. Ndilibe china chokuphunzitsa.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwerengera zimene anthu anandilanda, ndipo mwandimva ndikuzitchula mpaka munatopa nazo. Bambo anga sindinawakhululukire, koma iwo anamwa fizi yanga ataledzera. Ine pepala lija ndinalikopera pa mlatho ndili bwinobwino, dzuwa likuwala, dzina lililonse m'zilembo zooneka.

Bukulo lili m'sutikesi ya pansi pa bedi, mukalipeza. Pa tsamba loyamba la chaputala 14 pali kapepala kolembedwa ndi dzanja la a Mhango. Ndinakawerenga kamodzi kokha. Akuti: "A Mbewe, ndikadali nanu ngongole. Machaputala asanu ndi anayi."